Musazimitse foni, tulukani panja muyang'ane kumwamba

A Mkonzi,

Ndithokoze kaye chifukwa cha danga lino. Ine ndine mphunzitsi wa fizikisi pa sekondale ina yoyendera kuno ku Zomba, choko ndachigwira zaka zambiri ndithu, ndipo chandilembetsa kalatayi ndi kauthenga kena ka pa WhatsApp kamene kabweranso sabata yathayi. Mukukadziwa, kaja kakuti usiku uno kuyambira 12:30 mpaka 3:30 muzimitse foni muiike kutali ndi thupi chifukwa ma cosmic ray oopsa adutsa pafupi ndi dziko. Kanayambira pa gulupu ya kumpingo, kenako ya makolo, m'mawa mwake mlamu wanga wa ku Matawale akundiimbira kuti alamu inu paja ndinu a sayansi, tatiuzani zimenezi nzoona? Mayi ena oyandikana nafe nyumba anakagoneka foni yawo mumphika kukhitchini nkuvundikirapo mbale. Ine sindinawaseke, munthu ukamva kuti kukubwera choopsa umayamba waganiza za ana ako basi.

Uthengawo ndi wabodza, wakhala ukuzungulira kwa zaka zambiri amangousintha tsiku. Ma cosmic ray, tizidutswa tamphamvu tochokera kuthambo, alipodi koma amagwa usana ndi usiku kuyambira kalekale, alibe nthawi ya 12:30, ndipo foni yanu sawaitana. Chimene chinandiwawa ine nchakuti chidwi pa zakumwamba anthu athu ali nacho chambiri, koma amene akuwayankhula m'chiyankhulo chawo ndi abodza okhaokha, pomwe nkhani yeniyeni ilipo, ya kuwala kochokera pafupi ndi maenje akuda akutali, yozizwitsa kuposa bodzalo, ndipo chigawo chake chokoma kwambiri chinaonedwa mu Africa momwe muno. Ndiye ndati ndiifotokoze mmene ndimafotokozera ana anga a fomu folo.

Kuwala kuli mitundumitundu. Kuli kumene maso athu amaona, kuli mafunde a wailesi, kuli X-ray ija amajambulira mafupa kuchipatala, ndiye pamwamba pa zonsezi pali gamma, kumene kachidutswa kake kamodzi kamanyamula mphamvu kuposa kachidutswa ka kuwala wamba kamamiliyoni, kwina mpaka kamabiliyoni zikwizikwi. Musaope. Mpweya umene watikutawu ukauunjika kulemera kwake nchimodzimodzi madzi akuya mamita 10 pamutu pathu, gamma wakumwamba amathera momwemo, pansi pano safika.

Nanga amachokera kuti? Agogo anga ankatilozera mlalang'amba usiku wa mwezi wa June tikuotha moto, kamtambo koyera kaja kodula thambo pakati. Amene aja ndi mudzi wathu wa nyenyezi, dzuwa ndi imodzi chabe mwa nyenyezi zoposa 100 biliyoni za mmenemo. Milalang'amba ina ilipo mabiliyoni, ndipo pakatikati pa ikuluikuluyo pamakhala black hole, ana anga amangoti dzenje lakuda, chinthu cholemera kuposa dzuwa kamamiliyoni kapena kamabiliyoni chimene ngakhale kuwala kukalowamo sikutulukanso. Maenje ambiri ali phee, lathu la mumlalang'amba wathu nalonso ndi laulesi. Koma ena ali pa phwando, mpweya ndi fumbi zikuzungulira nkumagweramo, zikutentha koopsa, mpaka kamalo kakang'onoko kamawala kuposa nyenyezi zonse za mlalang'ambawo kuphatikiza pamodzi. Ndipo si zonse zimagweramo ayi, zina zimathovoka mbali ziwiri ngati madzi a paipi yophulika, mizere iwiri yowongoka imene amaitcha ma jeti, ikuthamanga liwiro lotsala pang'ono kufanana ndi la kuwala. Woyamba kuona mzere woterewu anali Heber Curtis mu 1918, pa mlalang'amba wa M87, womwe uja anatulutsa chithunzi cha dzenje lake pa 10 April 2019, chija chooneka ngati donasi wamoto chinazungulira m'mafonimu.

Tsono zikachitika kuti jeti yalunjika kuno kwathu, chinthucho amachitcha blazar. Aliyense amene anayendapo usiku mu msewu wa Zomba kupita ku Blantyre akudziwa, thiraki ikadutsa cham'mbali magetsi ake savuta, koma ikakudzera kutsogolo ndi fulu layiti suona kanthu. Blazar ndi thiraki yotidzera kutsogolo, kungoti ili kutali zedi moti chotifika ndi kuwala kokha.

Ku Namibia, kumapiri a Khomas pafupi ndi phiri la Gamsberg, kuli matelesikopu otchedwa H.E.S.S. Yoyamba inayamba ntchito mu 2002, anamanga anayi a mamita 12, mu 2012 anawonjezerapo chimphona cha mamita 28. Mmene amaonera gamma zimandisangalatsa kwabasi chifukwa gamma weniweniyo samuona. Kachidutswa ka gamma kakamenya mpweya kumwamba kwambiri kamaswekera tizidutswa tambirimbiri totsika ngati mvula, tikafika cha pa mtunda wa makilomita 10 timatulutsa kakuwala kobiriwira ngati thambo kamene kamakhala nthawi yochepa kwambiri, sekondi imodzi muigawe kabiliyoni nkutengapo magawo owerengeka. Diso silingakaone. Magalasi akuluakulu aja ndi makamera ake ndi amene amakagwira, ndipo amafuna usiku wamdima bii, kopanda mitambo, kopanda magetsi a m'tauni. Ndiye kuti mpweya womwe uja umatitetezawu ndi umene akuugwiritsa ntchito ngati chipangizo, mwaona nzeru zake?

Usiku wa pa 28 July 2006 analozetsa magalasiwo pa blazar yotchedwa PKS 2155-304, imene kuwala kwake kumatenga zaka pafupifupi 1.5 biliyoni kuti kufike kuno. Taganizani, miyala ya phiri la Zomba ili ndi zaka zongopitirira 100 miliyoni, ndiye kuti kuwala kumene anakulandira usiku umenewo kunali kutatsala pang'ono kumaliza ulendo pamene phiri lathuli linkabadwa. Usiku umenewo chinthucho chinalusa, chinawala kuposa masiku onse maulendo makumimakumi, koma chimene chinaimitsa anthu mutu si kuwalako, ndi kuphethira kwake. Chimati kukwera, kutsika, kukweranso, ndipo kusintha kwina kumachitika pa masekondi pafupifupi 200 okha. Mphindi zitatu ndi pang'ono. Madzi a tiyi pa mbaula asanawire nkomwe.

Mwina wina ati nanga vuto lili pati, chikaphethira chaphethira. Apa ndiye pali nkhani yonse, ndipo njira yoifotokozera anandipatsa ndi mwana wasukulu. Linali tsiku lina mu January masana, mvula inabwera yamphamvu moti pa malata sitimamvananso, ndinangoika choko pansi tonse nkumayang'ana pawindo mitambo itaphimba phiri. Mphezi ikang'anima timawerenga limodzi, wanu, thu, fili, mpaka bingu limveke, paja masekondi atatu alionse ndi kilomita imodzi. Mtsikana wina wokhala kumbuyo, wosakonda kuyankhula, amayenda wapansi kuchokera kutsidya kwa Likangala, anafika pafupi nkundikuwira kukhutu kuti sala, nanga bwanji mphezi imang'anima kamodzi koma bingu limagunda nthawi yaitali, gudugudu osatha? Ndinamuuza kuti mbali ina ndi phiri limabweza mawu, koma chachikulu nchakuti mphezi ndi yaitali, itha kutalika makilomita angapo. Yonse imaphulika nthawi imodzi, koma phokoso la mbali yapafupi limayamba kufika, la pakati likutsatira, la kumapeto limafika mochedwa. Iye anakhala chete kenako anati, ndiye kuti bingu likangoti phwaa kamodzi osakoka, chaphulikacho nchachifupi? Ndinamva tsitsi kuyimirira, chifukwa mfundo imeneyo ndi yomwe akatswiri a zakuthambo amayezera kukula kwa zinthu zimene sangathe kuzijambula.

Kuwala nakonso kuli ndi liwiro lake, makilomita 300,000 pa sekondi, ndipo palibe chouluka kuposa apo. Chinthu chachikulu olo chitayaka chonse nthawi imodzi, kuwala kwa mbali yakutsogolo kuyamba kufika, kwa kumbuyo kuchedwa, ndiye ife tiona chikuyaka pang'onopang'ono. Dzuwa lenilenili litati lizime lonse kamodzi sitingalione likuzima ngati babu, pangadutse masekondi angapo kuchokera pakati kufika m'mphepete. Ndiye chinthu chikaphethira pa masekondi 200, sichingakule kuposa mtunda umene kuwala kumayenda pa masekondi 200. Ana anawerengera okha pa bolodi tsiku lotsatira, 200 kuchulukitsa ndi 300,000, yankho makilomita 60 miliyoni. Zikumveka zambiri eti? Koma kuchokera pano kufika padzuwa ndi makilomita 150 miliyoni, ndiye kamalo kameneka sikakwana ndi theka lomwe la ulendo wopita kudzuwa. Pomwe dzenje la PKS 2155-304 amaliyerekeza kuti limalemera ngati madzuwa 1 biliyoni kapena kuposerapo, ndipo dzenje lotero kuchokera pakati kufika pamlomo pake ndi makilomita pafupifupi 3 biliyoni, kuwala kumafuna maola pafupifupi atatu kuti kuyende mtunda umenewo. Ndiye injini ndi ya maola, kuphethira nkwa mphindi. Mnyamata wina anati sala ndiye zili ngati njovu ikuphethira mofulumira kuposa udzudzu ukamakupiza mapiko, kalasi yonse inaseka koma anali atamvetsa.

Yankho loyamba lagona pa liwiro la jeti ija. Ndimawauza chonchi. Tiyerekeze mayi anyamuka ku Ku Chawe kutsika phiri kupita kumsika waukulu, ndipo pa ola lililonse akutuma mwana mmodzi kuti tsogola ukanene kuti ndikubwera. Akanakhala kuti mayiwo angokhala pansi, anawo bwenzi akufika kumsika motalikirana ola limodzi limodzi. Koma ngati mayiwo akuyenda ndawala yotsala pang'ono kufanana ndi ya anawo, mwana wachiwiri anyamukira patsogolo kwambiri, pafupi ndi pamene wafika woyamba, ndiye kumsika afika mondondozana, mwina mphindi ziwiri zokha pakati pawo. Wolandira uthenga aziti mayiwa akutuma ana pafupipafupi bwanji, chonsecho ayi. Jeti ikuthamangitsa kuwala kwake komwe, ndiye zimene zinatenga maola kumeneko kuno zimafika zitapanikizika mu mphindi, ndipo zimaoneka zowala kwambiri kuposa mmene zilili. Pamwamba pa apo pali zija za Einstein zakuti nthawi imayenda mosiyana kwa chinthu chothamanga kwambiri, koma zimenezo ndi za tsiku lina.

Kungoti kwa PKS 2155-304 masamu ake amafuna liwiro lokokomeza kwambiri, kuposa limene amaliona akamatsatira ma jeti omwewa ndi matelesikopu a wailesi, ndiye mkangano unayambira pamenepo ndipo mpaka pano sunathe. Ena akuti mkati mwa jeti yaikulu mumabadwa tima jeti ting'onoting'ono, mizere ya maginito ikapotana nkuduka nkulumikizananso imaponya timibulu ta mpweya wamoto mbali zosiyanasiyana, kamodzi kakalunjika kwa ife ndiye kuphethira kuja. Ena akuti mwina nyenyezi kapena mtambo wa mpweya umalowa mu jeti ngati mwala mumtsinje. Enanso akuti pafupi penipeni ndi dzenje pamachitika zonga mphezi, mphamvu ya magetsi imaunjikana pa kampata mpaka kuphulika. Ine mtima wanga umakondera ya mphezi, mwina chifukwa cha mvula ya tsiku lija, koma ndikaganiza mofatsa ya maginito ikuoneka kuti imafotokoza zambiri, ndipo nkutheka kuti malo osiyana ali ndi zifukwa zosiyana.

Komanso si kamodzi kokha zinaoneka. Matelesikopu a MAGIC pa chilumba cha La Palma anaona blazar ya Markarian 501 ikusintha pa mphindi ziwiri zokha mu 2005, ndipo mu November 2012 anaona mlalang'amba wa IC 310 ukuwirikiza kuwala pa mphindi zosakwana zisanu, pamenepo mpamene ganizo la mphezi linalimbikira. Kumwamba kuli setilaiti yoona gamma ya Fermi imene anaiponya pa 11 June 2008, imasesa thambo lonse mobwerezabwereza ngati mlonda wozungulira mpanda. Mu November 2010 inaona blazar ya 3C 454.3, ya pa mtunda wa zaka za kuwala pafupifupi 7 biliyoni, ikuwala kuposa chilichonse cha gamma kumwamba konse, kuposa ndi zapafupi zomwe za mumlalang'amba wathu. Mu June 2015 inali blazar ya 3C 279, nayonso kuphethira kwa mphindi zowerengeka.

Ndibwerere pang'ono kwa alamu anga ndi ma cosmic ray awo. Pa 22 September 2017, chipangizo cha IceCube chimene chinakwiriridwa mu madzi oundana ku South Pole chinagwira kanthu kamodzi kotchedwa neutrino, kamphamvu zedi, uthenga unafalikira kwa akatswiri dziko lonse pasanathe mphindi imodzi, atayang'ana kumene kanachokera anapeza blazar ya TXS 0506+056 ili pakati polusa. Ili cha kumene kuli Akamwiniatsatana, nyenyezi zitatu zondondozana zija aliyense amazidziwa. Neutrino wotere amabadwa pamene pali ma cosmic ray amphamvu, ndiye nkutheka ndithu kuti ma jeti amenewa ndi ena mwa mafakitale a ma cosmic ray omwe aja anagonetsa foni mumphika. Nditawafotokozera alamuwo anati bwanji zimenezi sitizimva pa wailesi kapena kuziwerenga m'nyuzi? Funso limenelo ndalibweretsa kwa inu a Mkonzi.

Chifukwa tikayang'ana anzathu akuyenda. South Africa ili ndi telesikopu ya wailesi ya MeerKAT ku Karoo, madishi 64 amene anatsegulidwa mu 2018, ndipo pa ntchito yaikulu ya SKA, yomanga chimphona cha telesikopu ya wailesi, maiko a mu Africa amene anagwirizana nawo ndi Botswana, Ghana, Kenya, Madagascar, Mauritius, Mozambique, Namibia ndi Zambia. Werenganinso, Zambia ilipo, Mozambique ilipo, ife tili pakati pawo dzina lathu palibe. Ghana inatenga dishi yakale ya zamatelefoni ya mamita 32 ku Kuntunse nkuisandutsa telesikopu ya wailesi mu 2017. Mu August 2024 msonkhano waukulu wa akatswiri a zakuthambo a dziko lonse unachitikira ku Cape Town, koyamba mu Africa. Ndikudziwa wina anena kuti aphunzitsi inu, feteleza wakwera, mankhwala kulibe, mukutiuza za maenje akuda? Ndikumva ndithu, nanenso ndimagula ufa pamsika womwewo ndipo malipiro amatha mwezi usanafike pakati. Koma sindikupempha boma kuti ligule telesikopu ya mabiliyoni. Zimene setilaiti ya Fermi imatola zili pa intaneti zaulere, wophunzira wa ku yunivesite yathu ya pano pa Zomba ali ndi laputopu ndi bandulo atha kutsitsa nkujambula yekha mmene 3C 279 inakwerera ndi kutsikira, ndipo luso losanthula manambala limene angalitole pamenepo ndi lomwelo lofunika pa zanyengo, pa zaumoyo, ku banki. Mtsikana wa bingu uja anakhoza bwino fizikisi pa MSCE koma anandiuza kuti sanadziwepo kuti kuganiza kotero ndi ntchito imene munthu nkulembedwa.

Pempho langa ndi laling'ono. Tipatseni kagawo m'nyuzi muno, olo kamodzi pa mwezi, ka sayansi m'Chichewa, kolembedwa ndi anthu odziwa, aphunzitsi a ku yunivesite alipo, ifenso a kusekondale titha kuthandiza. Mawu ena tidzavutika nawo, blazar ndi neutrino tidzazisiya choncho, koma mfundo yakuti chachikulu sichiphethira msanga imalowa bwinobwino m'Chichewa, ndayesa ndaona ndi maso anga. Ndipo uthenga wabodza ukabweranso pakhale poti munthu nkuloza kuti werengani apa. Kwa anzathu a ku dipatimenti ya fizikisi, tsiku lina tatengani ana a masekondale ozungulira mukwere nawo phiri usiku wopanda mwezi, pamwamba paja mdima ulipo wabwino, mbali ya nyanja ya Chilwa kuli bii.

Amene akufuna kudziwa pamene pali PKS 2155-304, ndi thambo lathu lomwe lino la kummwera, anzathu a kumpoto kwa Ulaya amaiona movutikira kapena osaiona nkomwe pomwe ife imatidutsa pafupifupi pamutu. Kumayambiriro kwa October cha m'ma 9 koloko usiku yang'anani kumwamba chakummwera pang'ono, muona nyenyezi imodzi yowala ili yokhayokha, dzina lake Fomalhaut. Tambasulani dzanja, kuchokera pa nyenyeziyo pitani chakumadzulo mtunda wopitirira pang'ono chibakera chimodzi. Simuona kanthu, ndi pamdima chabe, imafuna telesikopu, ndiponso nthawi imeneyo kumakhala utsi wa lupsa ndi fumbi. Chaka chatha magetsi atathima tinatuluka ndi ana a m'dera lathu asanu ndi awiri, tinayala mphasa pa bwalo la mpira nkugona chagada, aliyense chibakera m'mwamba. Kamwana kena ka sitandade 6 kanafunsa kuti ndiye panopa ikuphethira? Ndinati mwina, koma zimene ikuchita usiku uno zidzafika kuno patapita zaka 1.5 biliyoni. Kanakhala chete nthawi yaitali dzanja lili m'mwamba, mpaka amayi ake anachita kubwera ndi tochi kudzakatenga kuti nsima yazizira.

Chaka chino tikapitanso, ndipo mayi a foni ya mumphika aja anena kale kuti tidzawagogodere.

Ndine wanu,
Mphunzitsi wa fizikisi,
Chinamwali, Zomba